Sharutu ya Mkamwini

A Silvestre Chagunda analima fodya kufupi ndi Furancungo zaka makumi atatu, ndipo m'zaka zonsezo sanavomereko kuti pali tsamba la munthu wina loposa lawo. Tsiku limene chapa, minibasi ya ku Tete, inawatulira kaphukusi kochokera kwa mkamwini wawo, anali pansi pa chigafa akusankha fodya, ndipo mlamu wawo a Lino, kalipentala, mlongo wa akazi awo, anali pomwepo akukonza mwendo wa benchi.

Mkamwiniyo dzina lake anali Edgar, koma a Silvestre sankalitchula. Ankangoti "wotsuka matambula uja," chifukwa mnyamatayo ankapereka zakumwa pa hotela ina ku Maputo ndipo khasu ankaligwira ngati akuopa kuti limuluma. Chikwatireni mwana wawo Lídia zaka ziwiri zapitazo, awiriwa anali asanalankhulane mawu opitirira moni. Tsopano Lídia anali woyembekezera ndipo ankafuna kudzachirira kumudzi pafupi ndi mayi ake, koma ananenetsa kuti sabwera kumene mwamuna wake amalandiridwa ngati wokhometsa msonkho. M'mawa umenewo, akupita kuchigayo, mayi Lestina anauza amuna awo kuti mkamwiniyo akaimba foni masana ayankhe ngati munthu.

M'phukusimo munali kachubu kachitsulo. M'kachubumo munatuluka ndudu yaikulu yoderako, yonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi, itavala kalamba konyezimira. Munalinso mapepala awiri. Lina linali lolemba pamanja: Edgar ankati iyi ndi sharutu, yopichira pamanja, alendo a kuhotela amaipatsa ulemu kwambiri, ndipo popeza palibe wodziwa fodya kuposa apongozi ake, ankapempha kuti amuuze mmene aionera. Linalo linali kakhadi kosindikiza m'Chipwitikizi.

A Silvestre anaitembenuza kawiri n'kuiika pa thumba.

"Chingambwe chovala lamba," anatero.

Kakhadiko anapatsa a Lino. A Lino anaphunzira Chipwitikizi kwa ansembe, ndipo anali munthu woti ukamuuza kuti adule pang'ono amafunsa kuti masentimita angati. Anapukuta manja, n'kuika pensulo kukhutu, n'kuyamba kuwerenga ndi chala.

"Akuti ili ndi thupi lapakati."

"Ndani?"

"Sharutuyi. Corpo médio." Anaitola n'kuiyang'ana mbali zonse ziwiri. "Mutu sukuoneka."

"Pitirizani, alamu."

"Akuti muli koko, khofi, uchi, chikopa, mkungudza, tsabola wakuda, ndi dothi lonyowa."

A Silvestre atamva chikopa anawongola msana. Fodya wa chikopa ankamudziwa bwino, anamulima paesiteti ina ku Malawi nthawi ya nkhondo, wowamba ndi utsi, wakuda bii. Anayamba kufotokoza mmene ankasonkhera moto pansi pake, koma a Lino anapukusa mutu.

"Apa palembedwa couro. Chikopa cha ng'ombe. Cha nsapato."

"Akutanthauza fungo."

"Inde. Fungo la chikopa limachokera m'chikopa."

"Ndikuti amangofanizira."

"Palibe palembedwa kuti amangofanizira."

Apa a Silvestre anayenera kungosiya. Koma panali chinthu chimene ankabisa. Chidwalireni matenda a chifuwa aja, chaka chimene anthu ankavala zotseka pakamwa, mphuno yawo inafa. Sankamvanso fungo lililonse, labwino ngakhale loipa, ndipo chakudya chonse chinkangomveka mchere ndi kutentha. Sanauze munthu. Alimi anzawo ankabwerabe ndi ndindi za fodya kuti a Silvestre anunkhize asanapite nazo kumsika, ndipo iwo ankatseka maso, kukoka mpweya kwa nthawi, kenako n'kugamula. Mbiri yawo yonse inali pa mphuno imeneyo. Tsono kakhadi kodzaza ndi mafungo asanu ndi awiri kanawalasa ngati munthu akuwaseka pagulu, ndipo wowasekayo anali wotsuka matambula.

Ananena kuti zonsezo ndi zodyera alendo, kuti anthu a m'tauni ukawauza kuti m'madzi muli nkhuku amanyambita milomo. Ananena kuti iwo, ndi fodya wawo yemweyu wa bale, akhoza kupichira yofanana ndendende foni isanalire, n'kuuza mnyamatayo kuti asamatumize madzi kumtsinje.

A Lino anafunsa ngati ati yofanana.

Anati yofanana.

A Lino anaika hamala pansi n'kuchoka. A Silvestre anaganiza kuti apita kuseri, n'kupitiriza kusankha masamba. Patapita nthawi anawaona akubwera ndi lichero la mlongo wawo atalinyamula ndi manja awiri ngati akupita ndi chopereka kuguwa. Anayala zinthu pa benchi chimodzichimodzi: kachitini ka khofi, uchi m'kabotolo, tsabola wa kambuzi atatu, zopalapala za thabwa, dothi lodzaza chikhatho lochokera pamene amatsukira mbale, ndi lamba wa sandasi yakale.

"Koko ndamusowa," anatero. "Mkungudza ndilibe, awa ndi paini. Koma ndi abale."

"Izi n'zachiyani?"

"Munati yofanana."

"Sindinati muike nsapato mu fodya wanga."

"Si nsapato yonse."

A Silvestre anawakumbutsa kuti fodya ameneyu anamuthirira pa nazale ndi manja awo, anamuwokera mvula ikugwa, anamuthyola, anamusoka, anamupachika pa mikangala, ndipo sanachite zonsezo kuti adzakumane ndi phazi la a Lino. A Lino anavomera kuti zimenezo n'zoona, koma anati vuto lenileni ndi muyezo. Kakhadiko sikananene kuti chikopa chikhale chochuluka bwanji. Iwo ankaganiza kuti kachidutswa kofanana ndi chikhadabo n'kokwanira, koma ngati alamu awo akufuna thupi lalikulu osati lapakati, akhoza kuwonjezera.

Kenako anabwerera pa kakhadi, poti anali asanamalize.

"Palinso zina. Akuti ili ndi capa, capote ndi tripa."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Chofunda, jasi, ndi matumbo."

"Matumbo a chiyani?"

"Sananene. Koma poti chikopa ndi cha ng'ombe." Anayang'ana ku msewu wopita kumsika. "Lero Lachitatu. Sanaphe."

Apa a Silvestre anaona kuti akapanda kuletsa, mlamu wawo akwera njinga kukafuna matumbo. Anati palibe chifukwa chovutikira, chifukwa munthu wodziwa fodya safuna kakhadi. Mphuno yokha imanena zimene zilimo ndi kuchuluka kwake. Anakhala bwino pa mpando, anaika manja pa mawondo, n'kutseka maso monga ankachitira pamaso pa alimi.

"Bweretsani kuno chimene chili m'manja mwanucho."

A Lino anayang'ana m'manja mwawo. Sharutu anali ataiika pansi kale. Chimene anagwira chinali chitini cha guluu wa matabwa, chifukwa ankafuna kupaka mwendo wa benchi uja guluuyo asanaume. Guluu ameneyo akatsegulidwa, ngakhale nkhuku zinkasamuka. Anaganiza pang'ono, koma mawu anali omveka. Anachibweretsa pansi pa mphuno ya alamu awo.

A Silvestre anakoka mpweya pang'onopang'ono.

"Uchi ulimo," anatero.

A Lino anasuzumira m'chitinimo.

"Khofi ali patali. Ali pambuyo pa uchi." Anakokanso. "Dothi ndi la kudambo, osati la kumtunda. Anakolola mvula isanathe."

"Mkungudza?"

"Pang'ono."

"Chikopa?"

"Chikubwera kumapeto."

"N'zodabwitsa," anatero a Lino. "Pachitini palembedwa kuti guluu basi."

A Silvestre anatsegula maso. Anayang'ana chitinicho, n'kuyang'ana sharutu ili phee pa thumba, patali ndithu. Kunja kwa chigafa mbuzi inkatafuna khungwa la mtengo. Anafuna kunena kuti ali ndi chimfine. Anafuna kunena kuti amawayesa dala. Koma munthu amene anali patsogolo pawo akanafunsa kuti chimfinecho chayamba nthawi yanji, ndipo akanadikira yankho.

Anaulula. Ananena za matenda aja, za tsiku limene anadzuka n'kupeza kuti utsi wa kukhitchini sukuwapeza, za zaka zinayi zotseka maso pamaso pa anthu osamva kanthu. Analankhula akuyang'ana pansi, ndipo pomaliza anapempha kuti nkhaniyi ithere m'chigafa momwemo.

"Ithere bwanji?" anafunsa a Lino. "Aliyense akudziwa."

"Ndani?"

"Achemwali anga ndiwo anayamba. Galu atafera kuseri kwa nkhokwe, inu munkakhala pomwepo masiku atatu mukumvera wailesi."

"Nanga alimi?"

"Akudziwa."

"Ndiye amabweretseranji fodya?"

"Amati mphuno ndi mwambo chabe. Mukatseka maso iwo amayang'ana zala zanu. Mukalipinda tsamba kawiri ndiye kuti lili bwino. Mukalipekesa ndiye kuti lanyowa kwambiri. Ena amanyamuka musanalankhule."

"Bwanji simunandiuze?"

"Simunafunse."

A Silvestre sankadziwa ngati akwiye kapena apume. Zaka zinayi anasenza mwala umene mudzi wonse unkaona, ndipo anthu ankangowapatukira njira mwaulemu. Anayang'ana zala zawo, zakuda ndi utomoni wa fodya, ngati ndi za mlendo.

A Lino analibe nthawi ya zimenezo. Anati popeza mphuno yatuluka m'nkhani, patsala maso. Anatulutsa mpeni wawo wosongolera pensulo n'kunena kuti aitumbule, aone matumbowo, ayeze chikopacho, ndiye adziwe pomwe ayambire.

"Si mbuzi iyi," anatero a Silvestre, n'kuwalanda sharutuyo.

Anaichita okha. Anavula kalamba, ananyowetsa nsalu, anaikulunga kwa kanthawi kuti ifewe, kenako anapeza pamene tsamba lakunja linathera n'kuyamba kulimasula pang'onopang'ono. Linatuluka lathunthu, lalitali, lopyapyala ngati khungu la chikope, losalala, mitsempha yake yosaoneka bwino. Analikoka pang'ono ndipo linatambasuka osang'ambika. Tsamba lotero silikula padzuwa. Wina analimangira mthunzi, n'kumaliteteza ku mphepo ndi matalala monga amasungira mwana wobadwa masiku asanakwane. Pansi pake panali lina lokhuthala, losakongola koma lolimba, logwira zonse pamodzi. Ndipo m'kati munali masamba athunthu, osadula, opinda mwa mizeremizere kuti mpweya uzidutsa.

Anawasiyanitsa pa bondo. Awa ndi a pansi pa mtengo, opepuka, ntchito yawo ndi kusunga moto. Awa ndi a pakati. Ili limodzi, lakuda, lamafuta, ndi la kunsonga, lomwe linadya dzuwa lonse, ndipo wopichira analiika pakatikati penipeni kuti lipse mochedwa. Mitsempha ya pakati wopichirayo anaichotsa ndi manja, tsamba lililonse. Ndipo palibe limene linali la chaka chino kapena chatha. Zala zawo zinawauza kuti masambawa anaunjikidwa, anatenthedwa ndi thukuta lawo lomwe, anatembenuzidwa, n'kugonekedwa zaka. Iwo fodya wawo ankamugulitsa miyezi iwiri atamuthyola, ndipo kumene ankapita sanakuoneko.

A Lino ankafufuza m'masambamo ndi nsonga ya pensulo.

"Mulibe," anatero.

"Mulibe chiyani?"

"Chilichonse. Khofi, uchi, dothi. Chikopa ngakhale kachidutswa. Ndi masamba okhaokha." Anaika pensulo kukhutu. "Mwana uja anamubera. Kapena ndiye akubera alendo."

"Sanabe."

"Papepala palembedwa zisanu ndi ziwiri. M'katimu muli ziro."

"Alamu, amene anapichira ichi ali ndi manja. Tsamba ili ine sindingalilime. Dothi limene mukulifunalo linalowera ku mizu. Mkungudzawo unalowa pamene linagona. Simungazipeze ndi pensulo."

"Ndiye mukuti ndi yabwino?"

"Sindinatero."

"Mwati simungalilime."

"Chifukwa ndilibe nthawi."

A Lino anati ngati ndi choncho, foni ikalira iwo auza Edgar zoona zake kuti katundu ndi wosakwanira. A Silvestre anawayankha kuti palibe amene anyoze mphatso ya mkamwini wawo m'chigafa chawo. Mawu akuti mkamwini anatuluka okha, ndipo onse awiri anawamva, koma a Silvestre anali atawerama kale, akubwezera masamba mmene anawapezera. Anapinda, anakulunga, anagubuduza pa thabwa. Inatuluka yopindika pang'ono ngati nthochi. Pothera pa tsamba lakunja panakana kumata, ndiye anaviika chala m'kabotolo kaja n'kupakapo.

"Tsopano uchi ulimo," anatero a Lino. "Zatsala zisanu ndi chimodzi."

Dzuwa linali litapendeka. Panatsala chinthu chimodzi chimene zala sizikanatha kunena, ndipo a Silvestre sankafuna kuyankha foni ndi theka la yankho. Anayang'ana mlamu wawo. Ankadziwa kuti a Lino anasiya fodya chaka chimene anakwatira, atalonjeza pamaso pa wansembe ndi pamaso pa akazi awo, ndipo munthuyo lonjezo ankalisunga ngati msomali m'thabwa. Komabe anafunsa ngati angawabwereke mphuno ndi lilime.

A Lino anaganiza mofatsa. Anawerenga pa zala zimene analonjeza: ndudu, chingambwe, kaliwo, ndi fodya wa mphuno.

"Sharutu sindinaitchule," anatero, n'kutambasula dzanja.

Anadula kunsonga ndi mpeni uja, molunjika bwino. Machesi atatu anatha isanagwire. Anakoka kamodzi mwamphamvu ngati munthu wopopa madzi, n'kumeza utsi wonse. Anatsokomola mpaka pensulo inagwa kukhutu, ndipo mbuzi ija inathawa. Atapeza mpweya anatola kakhadi n'kuwerenga mzere wa pansi, umene poyamba anaudumpha chifukwa unali wa zilembo zing'onozing'ono. Unkati utsi usamezedwe.

"Akanayamba ndi zimenezi," anatero.

Anakokanso, pang'ono. Anausunga m'kamwa, n'kuutulutsa.

"Mukumva chiyani?"

"Utsi."

"Utsi wotani?"

"Wotentha."

"Pambuyo pa kutenthako?"

"Lilime."

"Ndikuti ukufanana ndi chiyani?"

"Ndi utsi wa poyamba uja."

A Silvestre anagwira mutu. Anawauza kuti asathamange, atseke maso, asiye kufunafuna zinthu, angodikira chimene chibwere. A Lino anafunsa kuti adikire mphindi zingati. Anawauza kuti zisanu, pongofuna kuti akhale chete.

Anatseka maso. Utsi unkakwera pang'onopang'ono kupita ku masamba opachika. Mphindi zisanu zinadutsa, ndipo a Lino, amene sankapitirira muyezo, sanatsegule maso. Nkhope yawo inasintha. A Silvestre anaopa kuti achita chizungulire ndipo anayandikira kuti awagwire.

"Njinga ya abambo," anatero a Lino.

Anafotokoza maso ali chitsekere, ndi mawu otsika. Chinali chaka chimene anathawa nkhondo ku Ntengo-Wambalame, iwo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anayenda tsiku lonse kulowera kumalire a ku Ntcheu, ndipo masana mvula yoyamba inawapeza pa mtunda wopanda mtengo. Miyendo yawo itakana, bambo awo anawakweza pakaliyala pamwamba pa katundu n'kumakankha njingayo wapansi. Iwo anagoneka tsaya pa chishalo. Chinali cha chikopa, chakale, chonyowa ndi mvula, ndipo pansi dothi linkafuka nthunzi. Lestina ankabwera pambuyo ndi nkhuku ziwiri m'dengu. Bambo awo ankaimba pansipansi kuti ana asamve zina zimene zinkamveka kumbuyo. Bambowo sanabwerere. Anaikidwa kutsidyako, njingayo inagulitsidwa, ndipo fungo limenelo a Lino anali asanalimvenso mpaka lero.

Anatsegula maso n'kuwapukuta ndi kuseri kwa dzanja. Anati ndi utsi.

A Silvestre anadikira pang'ono, chifukwa iwonso anali ndi njira yawo imene anayenda chaka chimenecho.

"Ndiye chikopa chija," anatero mofatsa. "Ndi dothi lonyowa."

"Ayi. Ndi njinga."

"Chishalo chinali cha chiyani?"

"Cha njinga."

Foni inalira m'thumba la malaya. A Silvestre anaisiya ilire katatu, kuti asaoneke ngati amadikira, kenako anayankha. Edgar anapereka moni wautali, anafunsa za mayi, za mvula, za mbuzi. A Silvestre ankayankha mwachidule. Kenako mnyamatayo, m'malo mofunsa za mphatso, anaulula chimene chinamutumitsa phukusilo. Iye sanasutepo chibadwire. Mawu a pa kakhadi anangowaloweza, ndipo ankawalakatula kwa alendo tsiku ndi tsiku ngati katekisimu. Sabata yatha mlendo wina anamufunsa, anzake akumva, ngati iyeyo chikopacho amachimvadi, ndipo anangoima ndi mbale m'manja, anthu n'kuseka. Anachita manyazi, anatero, kuti munthu wokwatira kwa mlimi wa fodya sadziwa ngati zimene amanena n'zoona. Anasunga ndalama pang'onopang'ono mpaka anagula imodzi, chifukwa ankadziwa munthu mmodzi yekha amene sanganamizidwe ndi pepala.

"Ndiye ndimati ndimve kwa inu, apongozi. Kodi zimenezi zilimodi?"

A Silvestre anayang'ana lichero la sandasi ndi dothi, anayang'ana chitini cha guluu, anayang'ana mlamu wawo atakhala pa benchi la miyendo itatu, maso ali psuu, sharutu yopindika ili pakati pa zala.

"Zilimo, akamwini," anatero.

Anamuuza za masamba atatu a m'kati, lililonse ndi ntchito yake, za tsamba lakunja lokulira pamthunzi, za zaka zimene linagona. Anamuuza kuti mlendo uja akadzabweranso, amufunse ngati akudziwa kuti tsamba la kunsonga limaikidwa pati ndipo chifukwa chiyani. Anati zina zonse sangazinene pa foni, n'zofunika kugwira ndi manja, ndiye pobwera ndi Lídia asadzangomutula n'kubwerera. Adzakhale masiku, adzalowe m'chigafa. Kutsidya kunamveka mawu a Lídia chapatali akufunsa kuti akuti chiyani.

"Chinthu chimodzi chokha," anapitiriza a Silvestre. "Mukawauze eni akewo kuti kakhadi kawo n'kosakwanira. Pali chimene anaiwala kulemba."

"Chiyani, apongozi? Ndilembe."

"Muli njinga."

A Lino anachotsa sharutu pakamwa n'kuwerama pafupi ndi foniyo.

"Musamunamize mwana," anatero. "Si njinga yonse. Chishalo chokha."